Phukusi la Makoko a Chimanga

Pamsika wa pa boma ku Chadiza, kuseri kwa mzere wa ogulitsa zovala zakale za salaula, pali kashopu ka telala kamene khomo lake n'lopapatiza moti munthu wathupi amalowa cham'mbali. Kashopuko n'ka Esnat, koma khonde lake linali la Lefina. Pakhondepo panali tebulo, lumo, selotepi ndi katoni ya mariboni. Aliyense wa pa boma amene waitanidwa ku ukwati, ku kitchini pate yolangiza mkwatibwi kapena kokaona mwana wakhanda ankathera pomwepo, mphatso ili m'manja.

Lefina ankakulunga mphatso. Musaseke, ntchito ndi imeneyo, ndipo inkamudyetsa. Wofuna pepala lonyezimira la ku Chipata ankamukulungira lomwelo, n'kumatapo riboni, basi. Koma manja ake ankakondwa akagwira zina: mapepala akhaki a matumba a shuga, zidutswa za zitenje zimene Esnat ankataya pansi pa makina, luzi, ndi makoko a chimanga. Makokowo ankawaviika m'madzi ofunda kuti afewe. Ena ankawanyika m'chidede kuti afiire, ena m'tiyi wopanda mkaka, kenako n'kuwapinda mpaka patuluke maluwa oti munthu ankayamba wanunkhiza asanavomereze kuti ndi zinyalala za m'munda.

Terrance anafika pakhondepo koyamba atanyamula safuliya yopita ku kitchini pate ya mlongo wake, ataikulunga m'nyuzipepala ngati kapenta. Mphunzitsi wathunthu wa ku sekondale, tayi pakhosi, safuliya m'nyuzipepala! Lefina anaseka mpaka anagwira tebulo. Mlungu wotsatira mnyamatayo anabweranso ndi sopo woti akulungidwe. Kenako bolopeni. Tsiku limene anatulutsa supuni imodzi m'thumba la jekete, Esnat anaimitsa makina n'kumuuza kuti aTicha, kunyumba kwanu ziwiya zitha, ingonenani chimene mwadzera. Ananena. Lefina anamuyendetsa ndithu asanamuyankhe, koma mtima wake unali utavomera kalekale, tsiku la safuliya lija.

Tsopano chaka chinali chitapita, ndipo nkhani inatsalira pa munthu mmodzi, Mayi Elinata, amayi ake a Terrance. Anali nasi wamkulu, mayi wamasiye, mtsogoleri wa amayi ku mpingo wina wa chipentekoste, munthu woti akalowa m'chipinda anthu amakhala bwino pamipando osauzidwa. Terrance anali mwana wawo wamwamuna yekhayo, ndipo amalume ake anali atanena poyera kuti sapita kukagogoda pakhomo la mtsikana aliyense mlongo wawo asanavomere. Mayi Elinata ankapuma pa ntchito ya unasi, phwando lotsanzikana linali Loweruka, ndipo Terrance anati tsiku loonetsa Lefina ndi limenelo.

*

Lachiwiri madzulo, mphepo ya Juni ikuuluza mapulasitiki pamsika, Terrance anabwera ndi mbatata zootcha ndi mpukutu wa pepala lagolide. Anakhala pa benchi ya kuseri kwa shopu, mapewa atagundana chifukwa cha kuzizira, kapena tinene kuti kuzizirako kunali ponamizira. Terrance anamusendera mbatata n'kuiuzira kuti ipole.

Anati pepalalo wachita kuitanitsa ku Chipata pa minibasi. Anati amayi amakonda zinthu za m'sitolo, zooneka zaudongo.

"Ndiye kuti zanga n'zauve?" anafunsa Lefina.

Terrance anakana, analumbira, anatulutsa chikwama n'kumuonetsa kaduwa ka makoko kamene Lefina anamupatsa chaka chatha, kataphwatalala kuseri kwa chitupa. Lefina anakaona, mtima unafewa, koma sanaleke kumuyang'ana. Mwamuna ukamuyang'ana osalankhula, zimene wabisa zimatuluka zokha.

Zinatuluka. Amayi atafunsa za kwawo kwa Lefina, Terrance anawauza kuti atate ake, a Filimoni Mbewe a ku Pembamoyo, ndi mlimi wa mtedza ndi thonje. Sananame, koma anasiyira panjira. A Filimoni analinso woimba mbalule, ng'oma yotsogolera pa gule wamkulu, ndipo kukagwa maliro aakulu ngakhale kutali ngati ku Mlolo, anthu ankachita kudzawatenga. Mayi Elinata anagwirapo ntchito pa kiliniki ya kumidzi komweko ali mtsikana, ndipo za gule sankafuna n'kuzimva komwe. Kwa iwo zinali za mdima basi.

"Ayambe akukonda kaye," anatero Terrance. "Akakukonda, zinazo tidzawauza pang'onopang'ono. Ndikukupempha, Lefi."

Lefina anayang'ana mbatata ili m'manja mwake. Zinamupweteka, ndipo zinamupweteka kwambiri chifukwa ankadziwa kuti mnyamatayu sakunyoza atate ake, akungoopa kumutaya iye. Anavomera kuti za ng'oma sazitchula.

"Koma pepala lanuli mubwerere nalo," anatero. "Atate ndawabisa. Manja anganso ndiwabise? Nanga amayi anuwo akonda ndani?"

Terrance anatenga dzanja lomwe ankalinenalo n'kulilowetsa m'thumba la jekete lake kuti lifunde. Pepala lagolide linatsalira pa benchi, ndipo mawa lake Esnat analiyala pa shelefu ya ulusi.

*

Mphatso yeniyeniyo Lefina anali ataiganizira kale. Terrance ankakonda kudandaula kuti amayi amapemphera atagwada pa simenti m'mawa uliwonse, ndipo podzuka amachita kugwira bedi, maondo akulira. Mbale, makapu, mafulasiki, zimenezo anthu adzabweretsa zambiri. Iye mwini anali atakulunga kale mafulasiki okwana kutsegula sitolo. Anaganiza zosoka kapilo kogwadirapo.

Lachinayi a Filimoni anafika pa njinga yawo monga ankachitira mlungu uliwonse, thumba la makoko kumbuyo, kathumba ka thonje kakulendewera pa handulo. Anali munthu wamfupi, wa ndevu zoyera, wosathamanga polankhula. Makoko sankangowola ayi. Ankakhala pansi pa nkhokwe n'kumasankha limodzilimodzi, loyera, lopanda chuku ndi mabowo a anankafumbwe, anzawo akuwaseka kuti mkulu wathunthu akulimbirana chakudya ndi ng'ombe. Iwo ankangoti mwana wanga ali ndi kampani ku boma.

Lefina anawagwadira, anawapatsa madzi, n'kuwauza ntchito ya thonje limene anaitanitsa.

"Maondo ndi maondo," anatero a Filimoni. "A wopemphera ndi a woimba ng'oma amatha chimodzimodzi. Bweretsa lichero."

Anakhala pakhondepo n'kuyamba kuchotsa njere m'thonje, zala zawo zong'alukang'aluka zikugwira mosamala. Anati njere imodzi ikatsalira idzawabaya mayiwo pakati pa pemphero, ndipo adzati mwana wa Mbewe n'ngosasamala. Anafunsa za aTicha, ngati akadavalabe tayi ngakhale pogula tomato. Anati amake Lefina azira kale khonde, ndipo tambala wina waikidwa padera, ana aletsedwa ngakhale kumuloza.

Lefina anafuna kuwauza zimene anagwirizana ndi Terrance. M'malo mwake anangowawonjezera madzi m'kapu.

Kutsidya kwa msewu, m'kabokosi kotumizira ndalama pafoni, munali Prudence akuonerera. Ameneyu anali mtsikana wa ku Chipata, wakhungu losalala, woimba kutsogolo kwa kwaya ku mpingo wa Mayi Elinata, ndipo si chinsinsi kuti amayi a mumpingomo anali atamukwatitsa kale kwa Terrance m'mitima yawo. A Filimoni atakwera njinga, Prudence anafunsa kasitomala wina wa kumidzi kuti agogo obweretsa zinyalalawo ndi ndani. Kasitomalayo anati awo ndi a mbalule, gule sayamba iwo asanafike. Prudence sanafunsenso zina, anaona kuti zimenezo zakwana.

*

Lachisanu Prudence anawoloka msewu atakumbatira bokosi lalikulu la mbale zadothi, mphatso ya Mayi Elinata. Analiika pa tebulo n'kunena kuti akufuna pepala lasiliva, lodula kuposa onse, ndi riboni wa mizere iwiri. Anati Amayi sakonda zinthu zachikalekale. Liwu loti Amayi ankalitafuna ngati anamubereka ndi iwowo.

Lefina anayeza pepala, anadula, anapinda makona mpaka anathwa ngati kolala ya yunifolomu. Prudence pakamwa sipanatsekeke. Anati makatani a pabalaza anasankha ndi iye. Anati Amayi akadwala chimfine amaitana iye. Anatinso kale Terrance ankamuperekeza akaweruka ku kwaya, mpaka anthu anayamba kulankhula. Kenako anasuzumira pansi pa tebulo, pamene panali makoko oyera olukidwa theka, n'kufunsa kuti zimenezo n'za ndani.

"N'za munthu wofunika," anatero Lefina.

Prudence anamwetulira, ananyamula bokosi lake n'kumapita, chiuno chikulankhula. Esnat anatulutsa mutu pakhomo n'kunena kuti riboni ameneyo akanamumanga naye pakamwa.

Lefina anaseka, koma nsanje inali italowa kale. Anatenga foni.

*Ku kwaya munkaperekeza ndani, aTicha?*

Yankho silinachedwe. *Ndinkanyamula sipika ya mpingo. Iye ankayenda pambali pa sipikayo.*

*Sipika yake yovala nsapato za gogoda?*

*Lefi, ndinasiya kwaya chifukwa cha sipika imeneyo. Mawa uvale diresi la buluu lija, mtima wanga ukhale m'malo.*

Anawerenga kawiri, n'kubisa nkhope kuti Esnat asaone kumwetulira. Kenako anakoka beseni la makoko n'kumaliza ntchito yake. Kapilo anakakulunga m'pepala lakhaki, analuka makoko oyera kuzungulira ngati kamkeka, m'mbali n'kumanga ndi luzi lopota. Pamwamba anaikapo maluwa ofiirira a chidede, lina lalikulu pakati, ena aang'ono m'mphepete. Esnat ataliona phukusilo anati ilo si lotsegula, n'loika m'kabati ya galasi.

*

Pabwalo la Mayi Elinata panali tenti, mipando yapulasitiki, kwaya ndi masipika. Tebulo la mphatso linkathobwa m'maso ndi golide ndi siliva, ndipo Lefina ankazidziwa pafupifupi zonse chifukwa zinadutsa m'manja mwake.

Nthawi itakwana, Terrance anamutenga n'kupita naye kutsogolo. Lefina anagwada n'kupereka phukusi ndi manja awiri. Mayi Elinata anakonza magalasi, analitembenuza uku ndi uku, n'kukhudza duwa ndi chala. Anafunsa ngati wachita kuitanitsa ku Lusaka. Atamva kuti wapanga yekha, nkhope yawo inamasuka, ndipo anamuuza kuti dzuka mwanawe, pansipa pakuzizira. Amayi ena anaunjikana, mafoni m'mwamba. Terrance mano onse anali pamtunda.

Pamenepo m'pamene Prudence anayandikira.

"N'zokongola zedi, Amayi," anatero mofatsa. "Kungoti ine ndimaopa. Makoko oluka chonchi kumidziku mukudziwa kumene amagwira ntchito. Ndi omwe amalukira zilombo za kudambwe. Ndipo agogo amene amawabweretsera asisiwa makoko ndi woimba ng'oma wa nyau wa ku Pembamoyo. Kaya amawatola kuti, ine sindidziwa."

Mayi wina amene anali atagwira duwa anapukuta chala pa chitenje. Wina anati chikomekome cha mkuyu, osamaliza. Abale inu, makoko a chimanga, omwewo amene aliyense pamenepo anakula akusenda!

Mayi Elinata anaika phukusi pansi pang'onopang'ono. Sanakalipe. Anangofunsa Lefina ngati n'zoona kuti makoko amachokera kwa munthu ameneyo.

"Eya, Amayi," anatero Lefina.

Anayang'ana Terrance kuti mwina anenapo kanthu. Terrance anayang'ana nsapato zake. Amayi ake atamuuza kuti achotse chinthucho pamaso pa alendo, anawerama, analinyamula n'kuzungulira nalo kuseri kwa nyumba. Kwaya inayambitsa nyimbo kuti itseke manyazi. Lefina sanadikire mpunga. Anatuluka pa geti osathamanga, ndipo misozi anaisunga mpaka atakhota pakona.

*

Mauthenga anayamba asanafike n'kunyumba komwe.

*Lefi uli kuti?*

*Yankha chonde.*

*Ndalakwa. Ndinauma pakamwa.*

*Phukusi lija sindinalitaye.*

Lefina anawawerenga onse, foni n'kuivundikira ndi pilo. Lamlungu sanapite kulikonse. Lolemba anakhala pakhonde akukulunga ndi pepala la m'sitolo lokhalokha, chifukwa nkhani inali itazungulira msika ndipo panalibe wofuna duwa. Mayi wina anabweza ngakhale limene anatenga mwezi watha, atalimanga m'pulasitiki. Esnat anafuna kuwoloka msewu kuti akacheze ndi Prudence, lumo lili m'manja, ndipo Lefina anachita kumugwira chitenje.

Madzulo ake anapeza Terrance atakhala pa sitepe ya kanyumba kamene ankachita lendi, choko chili m'malaya, maso ali ofiira. Lefina anamudutsa, anatsegula chitseko, anatulutsa beseni n'kuyamba kutsuka mbale zotsukatsuka kale.

Terrance analankhula yekha kwa kanthawi. Anati phukusi analiika pamwamba pa njerwa kuseri kwa khitchini. Amayi ankafuna kuti amayi abusa akabwera kudzapemphera liotchedwe, ndipo iye anawauza kuti likapsa, atenga chikwama n'kukakhala ku nyumba za aphunzitsi. Chibadwire anali asanawayankhepo chotero. Kuyambira pamenepo m'nyumbamo ankangopatsana moni basi.

"Zimenezo munanena alendo atapita," anatero Lefina. "Ine pamene ndinkakufunani ndi paja ndinali chogwada."

"Ndikudziwa."

"Munalinyamula ngati khoswe wakufa, aTerrance."

Mnyamatayo sanadziteteze. Anati ali ndi manyazi. Anati mantha amene ali nawo pa amayi ake ndi akale, sangathe tsiku limodzi, koma kukhala wopanda Lefina akukuopa koposa. Lefina anamuuza kuti watopa ndi kubisa, kuli bwino angokawauza amayiwo kuti mkulu wa ng'omayo ndi atate ake, zithere pomwepo kapena ziyambire pomwepo. Terrance anapempha kuti moto uyambe wazima. Anati akanena lero, amayi atseka khomo ndi kiyi womwe.

Kenako anapisa m'thumba n'kutulutsa chinthu. Anali atatola makoko kumunda wa sukulu n'kuyesa kupinda duwa yekha. Makokowo sanawaviike, ndiye anathetheka, iye n'kuwamata ndi selotepi wambirimbiri. Chimene chinatuluka chinkaoneka ngati nkhuku yovumbwa.

Lefina anachiyang'ana, anayesa kulimba, koma kuseka kunamuphulika pamodzi ndi kulira. Anakhala pa sitepe pambali pake. Anamuuza kuti wamukhululukira koma sanaiwale, ndiponso kuti duwa lotere asadzalionetse munthu wina aliyense, angamuphere bizinesi. Terrance anamupukuta misozi ndi chala cha choko, n'kumusiya ndi mzere woyera patsaya. Anakhala choncho mpaka dzuwa linapendeka, onse awiri osadziwa chimene achite mawa.

*

Lachinayi m'mawa makina a Esnat anaima mwadzidzidzi. Lefina atakweza maso anaona Mayi Elinata ataima patsogolo pa tebulo, juzi pamapewa, chikwama m'khwapa. Anadzambatuka mpaka selotepi anagubuduka kupita mumsewu. Anawapatsa mpando wake, iye n'kukhala pansi.

Mayi Elinata anayang'ana mariboni, anayang'ana denga. Zinkaoneka kuti nkhani zotere sanazolowere kuziyamba.

"Phukusi lako linatsegulidwa ndi mbuzi," anatero.

Inali mbuzi ya aneba, yolowera pa mpanda. Anaipeza dzulo lake itakwera pa njerwa, maluwa onse itamaliza, ikutafuna luzi. Ataithamangitsa anaona kapilo kali pansi, pepala litang'ambika. Poyamba anakatembenuza ndi kamtengo, anaulula okha. Kenako anaona kukula kwake, ndi timaenje tiwiri timene Lefina anasokera pakati, ndipo sanafunikire wowauza ntchito yake. Mbuzi ija anaiyang'anira tsiku lonse, n'kuiona ikudya udzu bwinobwino.

"Lero m'mawa ndagwadirapo," anatero. "Ndadzuka osagwira bedi. Anthu andipatsa mafulasiki, mwana wanga, ngati ndikutsegula tiyirumu. Za maondo anga waganiza ndiwe wekha."

Anati anamuchititsa manyazi pagulu, ndipo nkhani ya Prudence anaimeza osatafuna. Misozi ya Lefina inkangogwera pa chitenje. Mayiwo anamukweza chibwano n'kumuuza kuti aleke, anthu angati akumumenya. Kenako analoza beseni la makoko n'kufunsa kuti duwa lija amalipinda bwanji, poti mbuzi sinawapatse mpata woliona bwino. Lefina anawagwira zala n'kumawatsogolera, apa pindani, apa potani, apa mangani. Loyamba linamasuka. Lachiwiri linagwira, ndipo nasi wamkulu wa pa boma anaseka ngati kamtsikana. Lefina anaona chimwemwe chikumudzaza mpaka anaopa.

"Chinthu chimodzi chokha," anatero Mayi Elinata akulizunguza duwalo. "Makoko ndi makoko, ndavomera. Ndili ndi munda, uzidzatenga kwanga. Koma mkulu wa ng'oma uja umusiye. Ndimamudziwa, ndinamuona ndi maso angawa ku Pembamoyo, zilombo zikuvina patsogolo pake. Munthu ameneyo asadzayandikire pakhomo la mwana wanga."

Belu la njinga linalira kamodzi, mofooka. A Filimoni anali ataima m'mphepete mwa khonde, thumba kumbuyo, phazi limodzi pansi. Anafika liti, Lefina sanadziwe, koma nkhope yawo inamuuza kuti amva zonse. Anayang'ana mayi wovala bwinoyo, anayang'ana dzanja la mayiyo lili paphewa la mwana wawo, ndipo anavula chipewa.

Lefina anatsegula pakamwa. Liwu loti atate linali pa lilime penipeni.

"Mwadzuka bwanji, madamu," anatero a Filimoni, akuyang'ana iyeyo, mwana wawo. "Ndabweretsa katundu wanu uja. Ngati simukumufunanso, palibe mlandu, ndibwerera naye."

Anayankha ndi Mayi Elinata. Anati mtsikanayu wapeza kwina kotenga makoko, asavutikenso kubwera. Sanawanyoze ayi, analankhula mwaulemu wozizira. A Filimoni anati zikomo mayi, ndamva. Anavala chipewa, anatembenuza njinga, koma sanakwere. Ankangoikankha, thumba likugwedezeka kumbuyo. Mkati mwa shopu Esnat anali atagwira pakamwa.

Lefina anali asanamvepo ululu wotere. Atate ake anamukana kuti iye alandiridwe, ndipo iye anawalola.

"Usade nkhawa, sabweranso," anatero Mayi Elinata akumusisita pamsana. "Tsono tamvera. Ndalankhula ndi alongo anga, Loweruka akupita kwanu kukagogoda. Ndikudziwa kuti pa mwambo mayi amatsala, koma ine ndikwera nawo. Bambo amene analera mwana wotere ndikufuna ndikawagwire chanza ndekha."

Lefina anayang'ana kumsewu. A Filimoni anali atafika pa mzere wa salaula, akukankhabe njinga, ndipo sanacheuke.